Mphaka wokwera pa wadiropu: mangani kabatiyo, mphakayo musamumenye

Mayi a ku Nchalo, mwafunsa za mphaka wanu amene amakwera pa wadiropu ndi pa kabati ya magalasi mpaka mbale kumachita gwedegwede usiku, ndipo mukuti kaya muzimumenya kaya muzimutsekera panja. Ndodo siimuletsa kukwera. Amangophunzira kudikira kuti mugone kaye. Chimene chimamukokera m'mwamba ndi makoswe oyenda pamtanda ndi pamwamba pa khoma, komanso analimata, makamaka m'nyumba zathu zopanda siling'i. Wadiropu kwa iye ndi makwerero basi. Choopsa chenicheni ndi kabati yosamangidwa ndi katundu amene mwaunjika pamwamba pake.

Tiyambe ndi kugwa kwa kabati. Mphaka wamkulu amalemera makilogalamu 3 kapena 4, ndipo ambiri amaganiza kuti kanthu kotere sikangagwetse wadiropu. Atagona phee pamwamba sangaigwetsedi. Vuto limabwera podumpha, chifukwa amakankha nsonga ya kabati ndi miyendo yakumbuyo, ndipo kabati yotalika mamita 1.8 koma yopapatiza, masentimita 40 okha kuchoka kukhoma, sifuna mphamvu zambiri kuti ipendeke. Zitseko zagalasi n'zolemera, zikatseguka zimakokera kabati kutsogolo. Madilowa otseguka nawonso chimodzimodzi, ndipo mphaka amawayesa masitepe.

Kuno ku Chigwa cha Shire kuli zina zimene zimawonjezera ngoziyi. Madzi osefukira a namondwe Ana mu 2022 ndi a namondwe Freddy mu 2023 atapita, mabanja ambiri anazolowera kukweza mipando panjerwa. Nzeruyo ndi yabwino, koma wadiropu yoima panjerwa zinayi zosanjika payokhapayokha ili ngati mphika wa pamafuwa osalingana. Ngati mukufuna ikhale m'mwamba, yalani thabwa limodzi lochindikala pamwamba pa njerwazo, kapena muumbe kansanja ka simenti kotalika masentimita 15 mpaka 20, kokulirapo pang'ono kuposa tsinde la kabati. Kabati ya matabwa a utuchi aja, ikangomwa madzi kamodzi imafufuma kumunsi ndipo masikuluu sagwiranso. Chiswe nachonso chimadya miyendo m'kati n'kusiya khungu lokha lopakidwa vanishi. Tengani sikuludiraiva mubaye mwendo uliwonse: ikalowa mosavuta kapena pakatuluka dothi, kalipentala asinthe mwendowo musanachite china chilichonse.

Kumanga kwake kumatengera khoma lanu.

Pakhoma la njerwa zootcha, gulani ku hadiweya mabulaketi awiri achitsulo opindika ngati L, mapulagi apulasitiki a mamilimita 8, masikuluu aatali a mamilimita 60 kapena 75 a kukhoma, ndi aafupi a mamilimita 25 kapena 30 a kuthabwa. Bulaketi iliyonse ikhale chakumapeto kwa denga la kabati, kumanzere ndi kumanja. Pali zolakwika ziwiri zimene zimachitika kawirikawiri. Choyamba, anthu amaboola pamzere wa pakati pa njerwa chifukwa ndi pofewa. Nyumba zambiri zinamangidwa ndi dothi osati simenti, choncho pulagi ya pamenepo imazuka ndi dzanja. Boolani m'njerwa mwenimweni, dzenje lakuya molingana ndi kutalika kwa sikuluu, ndipo fumbi likamatuluka lofiira ndiye kuti mwapeza njerwa. Chachiwiri, ena amakhomera bulaketi pa kathabwa kopyapyala ka kumbuyo kwa wadiropu. Kameneko kamangogwiridwa ndi timisomali, kamang'ambika ngati katoni. Sikuluu ilowe m'thabwa lochindikala la pamwamba kapena la m'mbali. Msomali wa konkire pawokha musaudalire, umatuluka njira yomwe unalowera.

Pakhoma la zidina mapulagi sagwira ayi. Apa boolani khoma mpaka kuseri, mulowetse bawuti yaitali ya mamilimita 8 kapena 10, ndipo kuseriko muike kathabwa ka masentimita 30 kuti nati isamire m'dothi. Ngati muli m'nyumba ya lendi ndipo eni ake sakulola kuboola, tengani waya wosachita dzimbiri, mupinde pawiri, mumange kabati kuthabwa la denga limene lagona pamwamba pa khoma lakumbuyo kwake, wayayo akhale wokungika. Mphira wa chubu cha njinga ndi zingwe za matumba musagwiritse ntchito. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala, kumene kuno kumapitirira madigiri 40, kumaziphika mpaka kuduka zokha popanda wozikhudza.

Mukamaliza, lowetsani timatabwa topyapyala pansi pa miyendo yakutsogolo kuti kabati itsamire khoma pang'ono. Kenako tsegulani zitseko zonse, mugwire pamwamba, mukokere kwa inu. Ikachoka kukhoma koposa chala chimodzi, ntchito sinathe. Zolemera monga mapoto, mabuku ndi mabulangete zipite m'mashelefu apansi. Ntchito yomweyi imapulumutsanso mwana wokwawa amene amadzuka pogwira chitseko cha kabati.

Tsopano za pamwamba, ndipo apa ndi pamene amphaka ambiri amavulalira ngakhale kabati itamangidwa bwino. Pamwamba pa wadiropu ndi pamene timabisa zinthu kuti ana asazifikire: mankhwala opopera thonje, ufa wothira m'matumba a chimanga ndi mapira, tameki wa makoswe. Mwana safikapo zoona, koma mphaka amagona pomwepo. Akaponda ufa kapena dontho la mankhwala amadzinyambita, poizoni n'kulowa m'thupi. Mankhwala ambiri ophera tizilombo ali ndi permethrin kapena ena a gulu lomwelo, ndipo chiwindi cha mphaka sichitha kuwachotsa msanga ngati mmene chimachitira cha galu. Amayamba kunjenjemera, kutuluka dovu, kenako kuphupha. Mankhwala onsewa asamukire m'bokosi lachitsulo lokhoma ndi loko, makamaka kunja kwa chipinda chogona. Kandulo, koloboyi, fulasiki ya madzi otentha ndi batire la sola nazonso zichoke m'mwamba. Wailesi ya kanema ikakhala pakabati, imangidwe payokha, ndipo mawaya ake akhomeredwe kukhoma osalendewera.

Nsalu zokongoletsera zija timayala pamwamba pa kabati ndi msampha. Mphaka akadumpha amagwira nsaluyo ndi zikhadabo, nsalu n'kutsetsereka, iye n'kugwa chagada pamodzi ndi zonse zinali pamenepo. Chotsani, kapena khomerani chiguduli ndi timisomali kuti apeze pogwira.

Yang'ananinso mpata wa pakati pa kabati ndi khoma. Mpata wa masentimita 5 mpaka 10 ndi woipa kwambiri: kamwana ka mphaka kamagweramo mutu pansi, sikatha kutembenuka, ndipo masana otentha muli kumunda kapena kuntchito kakhoza kufera momwemo. Tsekani mpatawo ndi thabwa pamwamba. Chizolowezi china chofunika ndi kusuzumira mu wadiropu ndi m'madilowa musanatseke, maka mphaka akakhala ndi bere, popeza amafuna malo amdima oti aswere.

Anthu amakonda kunena kuti mphaka sagwa chagada. N'zoona kuti amadzitembenuza ali m'malere, koma ana osakwana milungu 7 luso limeneli amakhala asanalidziwe bwino, ndipo okalamba mfundo zimakhala zitauma. Kukwera n'kosavuta chifukwa zikhadabo zake zinapindikira kumbuyo, kutsika ndiye kumavuta. Ndiye sankhani chimodzi. Ngati mukufuna azikwera kukagwira makoswe, mukhomereni mashelefu awiri kapena atatu pakhoma, lililonse masentimita 25 kwa 40, motalikirana masentimita 40 kapena 50, kuti azitsika pang'onopang'ono m'malo modumphira pasimenti. Ngati simukufuna, chotsani mpando, tebulo kapena matumba amene amayambirapo, ndipo mudzaze pamwambapo ndi makatoni opanda kanthu omangidwa pamodzi kuti asaone poteramo. Kwa ife njira yoyamba ndi yabwino, chifukwa mphaka amene wapatsidwa malo ake am'mwamba amaisiya yekha kabati ya magalasi.

Akagwa kapena chinthu chikamugwera, musamuweruze poona kuti wathamanga. Mphaka amabisa ululu. Muoneni kwa masiku awiri: kupuma kukamwa kuli yasa, nkhama zoyera m'malo mofiirira, magazi m'mphuno kapena m'kamwa, kulephera kutseka kamwa, kukoka miyendo yakumbuyo, kapena kutha tsiku lathunthu osakodza. Chimodzi mwa izi chikaoneka, mufunditseni chitenje, mumuike m'katoni yoboola mabowo, pamthunzi, mupite naye kwa alangizi a ziweto ku ofesi ya zaulimi ya kwanuko. Likulu la zaulimi la Chigwa chonse lili ku Ngabu, koma fupa lothyoka lofuna kujambulidwa nthawi zambiri limafuna dokotala wa ziweto ku Blantyre. Panado musamupatse ngakhale kachidutswa, amapha mphaka powononga magazi ndi chiwindi. Brufen nayenso ayi. Mphaka wovulala amaluma ngakhale mwini wake, ndiye akakulumani tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, mupite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mukawauze ngati mphakayo anabayitsidwa katemera wa chiwewe kapena ayi.