Edinburgh m'nyengo yachisanu: yankho kwa achimwene a ku Leeds

Achimwene ena okhala ku Leeds andilembera kalata. Akuti chiyambireni ntchito yosamalira okalamba, iwo ndi mayi akunyumba amangopezana pakhomo, wina akuweruka wina akunyamuka. Mu Disembala apeza masiku atatu opuma limodzi ndipo akuganiza zopita ku Edinburgh, likulu la Scotland. Akufunsa ngati si kutaya ndalama kupitako kukuzizira chonchi, komanso zoti akaone ndi zoti akadye.

Pitani, achimwene, atengeni alamu. Koma musanagule tikiti, dziwani kaye za dzuwa la kumeneko. Mu Disembala limatuluka cha m'ma 8:40 m'mawa, ndipo 4 koloko masana isanakwane limakhala litalowa kale. Muli ndi maola 7 okha owala. Amene amanyamula mndandanda wa malo khumi oti aone tsiku limodzi amathera kukangana pamsewu, wina akuti tifulumire, wina akuti miyendo yatopa. Sankhani malo awiri patsiku, basi. Mdima ukagwa ndiye nthawi yanu yokhala pansi n'kumacheza, zomwe mwapitirazo.

Za masiku, pewani kumapeto kwa mwezi. Pa 31 Disembala kumakhala chikondwerero cha Hogmanay ndipo mahotela amakwera mtengo koopsa. Kumayambiriro kwa mwezi, pakati pa sabata, n'kwabwino. Sitima yochokera ku Leeds imatenga pafupifupi maola atatu kukafika pa siteshoni ya Waverley, yomwe ili pakatikati pa mzinda. Gulaninso khadi yotsitsira mtengo wa sitima yotchedwa Two Together Railcard: mukakwera awiri limodzi, pa mapaundi atatu alionse amakuchotserani imodzi.

Mukatuluka pa siteshoni, musathamangire basi. Pafupi pomwepo, m'munda wa Princes Street Gardens, pali chiboliboli cha David Livingstone, ndipo Mmalawi sangachidutse osaima. Mumzinda womwewu ndi momwe Kamuzu Banda anamalizira maphunziro ake a udokotala mu 1941. M'mundamu ndimo mumachitikiranso msika wa Khirisimasi. Kunena zoona, zinthu zake n'zodula ndipo Loweruka simungapeze poponda. Pitaniko madzulo pakati pa sabata, mugule chakumwa chotentha, muone magetsi, koma chakudya chenicheni mukadye kwina.

Tsiku lachiwiri likhale la Edinburgh Castle, linga lakale lomwe lili pamwamba pa thanthwe. Gulani matikiti pa intaneti pasadakhale, ndipo mukhale muli mkati pofika 1 koloko. Nthawi imeneyo amaomba mzinga, mwambo womwe unayamba mu 1861 pofuna kuthandiza oyendetsa zombo kutchera mawotchi awo. Lamlungu saomba. Alamu auzeni msanga, chifukwa ngakhale woyembekezera amadzidzimuka. Mukatero tsikani ndi msewu wa Royal Mile pang'onopang'ono, mukusuzumira m'tinjira tothina tapakati pa nyumba zamiyala. Mvula ikayamba, ndipo kawirikawiri imayambadi, thawirani ku National Museum of Scotland pa Chambers Street. Kulowa n'kwaulere, mkati n'motentha, ndipo muli Dolly, nkhosa ija asayansi anapanga mu 1996 kuchokera ku selo ya nkhosa ina.

Phiri la Arthur's Seat, lotalika mamita 251, lisiyeni. Matope ndi mphepo yake si za anthu opita kukakondana. Kwerani Calton Hill m'malo mwake. Ndi mphindi zochepa chabe, ndipo mukafika cha m'ma 3 koloko mumaona mzinda wonse dzuwa likulowa, magetsi akuyaka.

Tsopano zakudya. Azungu ambiri amachita mantha ndi haggis akamva kuti ndi mtima, chiwindi ndi mapapo a nkhosa zogayidwa limodzi ndi anyezi, oats ndi tsabola. Munthu amene anakulira zam'kati za mbuzi pachiwaya sangaope zimenezo. Imabwera ndi mbatatesi yophwanya ndi neeps, muzu wachikasu wotsekemera pang'ono. Itanitsani mbale imodzi mulawe awiri. Koma chimene ine ndimachikonda kukazizira ndi Cullen skink, supu yokhuthala ya nsomba yowamba yotchedwa haddock, yophikidwa ndi mkaka, anyezi ndi mbatatesi. Imabwera ikufuka nthunzi, ndi buledi ndi batala pambali, ndipo mukamaliza mbaleyo mumayamba kumvanso zala zanu.

Chakudya chamadzulo chapaderacho mukadyere ku Leith, kudoko. Tramu, sitima yamagetsi yoyenda m'misewu ya mumzinda, imafikako kuyambira mu 2023, ndipo malo odyera nsomba ndi ambiri m'mphepete mwa madzi. Sungitsani tebulo pasadakhale. Apa ndiye poyenera kumasula chikwama, osati pa hotela yapamwamba imene mukangogonamo basi.

Chinanso, achimwene. Misewu ya mumzinda wakale ndi yamiyala, yokwera ndi yotsika, ndipo ikanyowa imaterera. Ngati alamu akufuna kutchena nsapato zazitali pachakudya chamadzulo, azinyamule m'chikwama akavalire komweko. Ambulera musavutike nayo, mphepo ya kumeneko imaithyola. Jekete yosalowa madzi, chipewa ndi magolovesi ndi zomwe zingakuthandizeni.