Masilaidi 38 pa mphindi 15: kodi zitheka?

Wophunzira wina wa chaka chachinayi watitumizira imelo. Akuti dipatimenti yawo yakonza msonkhano woti ophunzira afotokoze kafukufuku wawo pamaso pa aphunzitsi, aliyense mphindi 15 zoyankhula ndi 5 za mafunso. Wakonza kale masilaidi 38, ndipo akufunsa ngati ali okwanira.

Achuluka zedi amenewo. Munthu woyankhula Chingerezi mosathamanga amatchula mawu pafupifupi 130 pa mphindi, ndiye kuti nkhani yanu yonse isafike mawu 2,000. Silaidi iliyonse imadya mphindi imodzi kapena kuposerapo, choncho 12 akukwanirani.

Nthawiyo muigawe chonchi: mphindi 2 za vuto ndi funso la kafukufuku, imodzi ya zomwe ena analembapo, 3 za njira zomwe munatsata, 6 za zomwe mwapeza, 2 za tanthauzo lake. Imodzi yotsalayo ndi ya pulojekita ikayamba makani. Ambiri amagwera pa chiyambi pomwepa. Amatafuna mphindi 8 akutchula mayina a akatswiri omwe aphunzitsi awo akuwadziwa kale, kenaka wapampando n'kukweza kapepala kosonyeza kuti kwatsala mphindi ziwiri, zotsatira asanazikhudze n'komwe. Chonsecho chomwe anthu abwerera ndi zotsatirazo.

Pa zotsatira pomwepo, musakopere tebulo lonse la SPSS kapena Excel (mapulogalamu a pakompyuta owerengera manambala) n'kulimata pa silaidi. Wokhala kumbuyo amangoona timizere ngati nyerere. Sankhani manambala atatu kapena anayi omwe akuyankha funso lanu, jambulani girafu imodzi, ndipo mutu wa silaidiyo ukhale chiganizo chonena zomwe mwapeza, osati mawu oti "Zotsatira" basi. Zilembo zisachepere saizi 24. Pewaninso mtundu wachikasu kapena wobiriwira mopepuka, chifukwa m'chipinda chopanda makatani masana umazimirira pakhoma.

Yesererani katatu mokweza mawu, mutaimirira, foni ikuwerenga nthawi. Kuwerenga chamumtima kumanamiza chifukwa kumafulumira. Ngati mwapitirira mphindi 14, chotsani silaidi, osati kuwonjezera liwiro.

Fayilo muisunge pawiri, ya PowerPoint ndi ya PDF, pa fulashi komanso mu imelo yanu. PDF ndiyo sisokoneza zilembo pa kompyuta ya eni. Funsiranitu ngati chingwe cholumikizira pulojekitayo ku laputopu ndi cha mtundu wa HDMI kapena VGA, popeza malaputopu ambiri atsopano alibe polowetsa VGA. Sindikizaninso masilaidi, 6 pa tsamba, kuti magetsi akathima mupitirize ndi pepala m'manja.

Pa mafunso, mvetserani mpaka wofunsayo amalize, lembani mawu awiri atatu, bwerezani funsolo mwachidule, kenaka yankhani. Kubwerezako kumathandiza akumbuyo kumva, inunso kumakupatsani mpata woganiza. Mafunso ambiri amabwera pa njira: munafunsa anthu angati, munawasankha bwanji, bwanji mudzi umenewo osati wina. Pomwe simukudziwa, nenani mwaulemu kuti mbali imeneyo simunaifufuze ndipo mwailemba. Kupeka yankho pamaso pa aphunzitsi kumangoitana funso lina lolimba kuposa loyambalo.

Masilaidi 26 otsalawo musawataye onse. Atatu kapena anayi, monga ya kawerengedwe ka chiwerengero cha anthu ofunsidwa ndi ya tebulo lathunthu lija, muwaike kuseri kwa silaidi yomaliza. Funso likafika pamenepo, lembani nambala ya silaidiyo pa kiyibodi n'kudina Enter, ndipo PowerPoint idzalumphira pomwepo.