Kodi champiyoni wa MMA amateteza lamba kangati pachaka?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa owerenga wina yemwe akuti wangoyamba kumene kutsatira MMA, masewera a ndewu osakaniza zibakera, mateche ndi kugwetsana, ndipo funso lake mwachidule nali: "Ine ndinazolowera mpira woti timu imasewera wikendi iliyonse, nde ndikudabwa kuti munthu akatenga lamba amangoti zii miyezi yambirimbiri osaoneka. Lamulo limati aziteteza kangati pachaka? Kapena anthuwa amangothawana?"

Achimwene, ndiyankhe za UFC, kampani yaikulu yokonza ndewu za MMA, chifukwa ndi komwe ambirife timaonera. Champiyoni wabwinobwino amateteza lamba kawiri pachaka. Akateteza katatu ndiye kuti chaka chimenecho wagwira ntchito ya bulu, ndipo kamodzi pachaka si zachilendo ngakhale kuti anthu timadandaula. Koma lamulo loti lizimukakamiza kuti pofika tsiku lakuti akhale atamenya, palibe. Ku nkhonya kuli mabungwe ngati WBC ndi IBF omwe amasankha munthu woti champiyoni akumane naye afune asafune, akakana amulanda lamba. Ku UFC lambayo ndi wa kampani, yokonza ndewu ndi kampani yomweyo, ndipo mndandanda wa omenya bwino uja amangouyang'ana zikawakomera. Mukaimvetsa mfundo imeneyi zina zonsezi sizivutanso.

Tiyambe ndi omwe anakhalitsa pampando kuti muone kuti ngakhale akatakwe sankamenya mwezi ndi mwezi. Demetrious Johnson anatenga lamba wa flyweight, gulu la sikelo la amuna opepuka kwambiri, mu September 2012 nkudzaluza kwa Henry Cejudo mu August 2018, ndipo pakatipo anateteza ka 11 motsatizana, palibe wina anafikapo. Gawani 11 ndi zaka pafupifupi 6, mupeza kawiri pachaka basi. Anderson Silva anagwira wa middleweight kuyambira October 2006 mpaka Chris Weidman atamugwetsa mu July 2013, masiku 2,457, koma anateteza ka 10 kokha, ndiye kuti sankakwanitsa nkomwe kawiri pachaka, ngakhale tinene chilungamo kuti ankapitanso kukamenya ndewu zina ku light heavyweight zopanda lamba, ndipo ina yake ya 2007 sinawerengedwe chifukwa Travis Lutter analephera sikelo. Georges St-Pierre anateteza ka 9 pakati pa 2008 ndi 2013, koma m'katimo muli chaka ndi theka chomwe sanalowe mu khola lomenyeramo ndewu bondo litaduka mtsempha.

Nanga nthawi yonseyo imapita kuti? Ndewu ya lamba ndi maraundi 5 a mphindi 5, ndipo kuikonzekera ndi kampu ya masabata 8 mpaka 12, kawiri patsiku mu jimu, kugwetsana, kumenyana ndi anzako olemera kukuposa, ndipo kuvulala kwambiri kumachitikira komweko osati pa tsiku la ndewu. Kenako pali sikelo. Munthu wa lightweight ayenera kupezeka ndi mapaundi 155, omwe ndi makilo pafupifupi 70, ndipo pa ndewu ya lamba samakukhululukira ngakhale paundi imodzi yomwe amalola pa ndewu wamba. Mudzaonere tsiku lopima lija: munthu akukwera pa sikelo masaya atalowa mkati, milomo itauma gwaa, anzake atamutchingira thawulo chifukwa wavula ndi kabudula yemwe kuti mwina magalamu ochepa achoke, maso ali pa wopimayo ngati akudikira chigamulo cha khoti. Thupi silingapirire zimenezo mwezi uliwonse. Ndewu ikatha madokotala a komishoni yoyang'anira ndewu, monga ya ku Nevada ku America, amamuletsa munthu kumenya kwa masiku 30, 45, 60, ndipo ngati akukayikira kuti fupa lathyoka amalemba mpaka 180 pokhapokha dokotala atamumasula msanga. Phatikizani zonsezo muone ngati chaka chingalowe ndewu zinayi.

Chinanso chomwe anthu saganizira ndi kalendala ya kampani. Ndewu za lamba amazisungira mashoo akuluakulu a manambala aja monga UFC 300, omwe amabwera pafupifupi kamodzi pamwezi, ndipo shoo iliyonse imanyamula ndewu ya lamba imodzi kapena ziwiri, mwa apo ndi apo zitatu. Malamba alipo opitirira 10 mukaphatikiza aamuna ndi aakazi. Masamu ake akubwereranso pa kawiri pomwe paja. Ndiye pena champiyoni ali bwinobwino, akufuna kumenya, koma akumuuza kuti dikira tikufuna ukamenyere ku Abu Dhabi mu October kapena kwanu anthu akadzaze bwalo.

Tsopano za kuthawana mwafunsazi. Zilipo, tisanamizane, koma nthawi zambiri si mantha a chibakera ayi, ndi nkhani ya ndalama. Conor McGregor anagwetsa Jose Aldo mu masekondi 13 mu December 2015 natenga lamba wa featherweight, mu November 2016 anamenya Eddie Alvarez ku Madison Square Garden natenganso wa lightweight, ndipo malamba awiri onsewo sanateteze ngakhale kamodzi. Anapita kukamenya nkhonya ndi Floyd Mayweather mu August 2017 komwe kunali ndalama zoti ku UFC sakanazionako, lamba wa lightweight nkudzamulanda mu April 2018. Pamenepo anyamata a mu gulu limenelo anakhala chaka ndi miyezi akudikira, kampani nkuwatulutsira lamba wogwirizira uja amati interim. Ine lamba wa interim sindimuda akakhala kuti champiyoni wavulaladi, ngati mmene zinalili ndi Dominick Cruz yemwe atamenya mu October 2011 anayamba kuvulala motsatizana mpaka anasiya lamba mu January 2014, Renan Barao ali kugwirizira. Chomwe chimandinyansa ndi pomwe amamutulutsa kuti posita ioneke yonyezimira basi.

Ya Jon Jones ndiye imandipweteka mutu chifukwa ndi munthu mmodzi koma nkhani ziwiri. Mu 2011 ali ndi zaka 23 anamenya kanayi chaka chimodzi, kutenga lamba wa light heavyweight kwa Shogun Rua mu March nkuteteza kawiri chaka chisanathe, ndipo anadzafika poteteza ka 8 motsatizana. Yemweyo atakwera ku heavyweight anatenga lamba mu March 2023, anang'ambika mnofu wa pachifuwa, nkudzateteza kamodzi kokha mu November 2024 ndi Stipe Miocic yemwe anali atakhala zaka zoposa zitatu osamenya. Nthawi yonseyo Tom Aspinall anali ndi wa interim kuyambira November 2023, mpaka anachita kuuteteza wa interim yemweyo ku Manchester mu July 2024, akudikira, akudikirabe, Jones nkulengeza mu June 2025 kuti wapuma. Kuvulalako sindikutsutsa, koma zinazo ine ndimati kampani inamulekerera chifukwa dzina lake limagulitsa. Akanakhala munthu wopanda dzina akanamulanda kalekale.

Ena zifukwa zawo nzomveka ndithu. Khabib Nurmagomedov anateteza katatu, kamodzi pachaka: McGregor mu 2018, Dustin Poirier mu 2019, Justin Gaethje mu 2020. Koma taonani zomwe zinali pakati, chilango cha miyezi 9 chifukwa cha chipwirikiti chomwe chinabuka atadumpha khola ndewu ya McGregor itatha, Ramadan yomwe sankachita kampu ya ndewu, mliri wa korona, ndi imfa ya bambo ake mu July 2020 omwe analinso mphunzitsi wake. Francis Ngannou naye anateteza kamodzi kokha, mu January 2022, ndipo analowa mu khola bondo lili lovulala kale atavala zotchinga m'mawondo onse, munthu wodziwika ndi chibakera anachita kupambana Ciryl Gane pomugwetsa pansi ndi kumukhalira. Kenako opaleshoni, kenako kukangana ndi kampani pa za kontrakiti, mu January 2023 anachoka lamba nkumusiya pomwepo osaluza kwa aliyense.

Mbali inayi kuli anthu ngati Alex Pereira omwe amatiwononga ife oonera mpaka tiziona ngati ena onse ndi aulesi kkkk. Mu 2024 anateteza lamba wa light heavyweight katatu m'masiku 175: Jamahal Hill mu April pa UFC 300, Jiri Prochazka mu June, Khalil Rountree mu October. Ya June ija sinali yake nkomwe, McGregor ndi amene amayenera kumenya koma anavulala chala chakuphazi, nde anamuimbira Pereira kutatsala masabata awiri okha iye nkuvomera, ndipo raundi yachiwiri itangoyamba anaponya mwendo kumutu, masekondi 13 nkhani yatha. Kamaru Usman nayenso anateteza katatu mu 2021. Koma muone kuti zotere zimatheka munthu akamamaliza ndewu msanga osalandira zibakera zambiri, ndipo sizikhalitsa, Pereira anadzaluza lambayo mu March 2025, Usman mu August 2022 ndi mwendo wa Leon Edwards kutatsala mphindi imodzi kuti apambane. Deiveson Figueiredo ndiye anachita zamisala mu 2020, ndewu ziwiri za lamba motalikirana masiku 21 okha, yachiwiriyo inatha mofanana mphamvu ndi Brandon Moreno.

Ku heavyweight musayembekezere zambiri chifukwa kumeneko chibakera chimodzi chimakwana, mbiri yoteteza motsatizana ndi katatu kokha, ya Miocic. Ndipo machampiyoni ambiri m'magulu onse amaluza lamba pa ndewu yoyamba kapena yachiwiri yoteteza, nchifukwa chake mumamva akale akunena kuti sunakhale champiyoni weniweni mpaka utateteza.

Ine ndikamaweruza champiyoni sindiwerenga masiku omwe wakhala ndi lamba, poti masiku amawerengeka ngakhale munthu ali pa bedi kuchipatala kapena akujambula filimu. Ndimafunsa kuti wateteza kangati, ndi ndani, komanso ndani anali pamzere akudikira pomwe iye amasankha wina. Amene mukumutsatirayo akamenya miyezi 6 iliyonse ndi yemwe ali nambala wani, musiyeni apume. Chikakwana chaka, sanavulale, ndipo pa Instagram akungotchula mayina a anthu a gulu lina la sikelo kapena ankhonya, pamenepo ndiye mundilemberenso tidzadandaulire limodzi.