Mafunso ndi Mayankho: Kodi phungu wa Nyumba ya Malamulo angakhale jaji wosakondera?

Funso

Akonzi, ndine Mmalawi wokhala ku Rosettenville kuno ku Johannesburg, ndipo ndimagwira ntchito ya utelala. Pa msonkhano wa gulu lathu lothandizana pa maliro panabuka mtsutso wokhudza a John Hlophe a kuno ku South Africa, amene anachotsedwa pa udindo wa jaji kenako n'kukhala phungu. Mmodzi mwa akuluakulu athu ananena kuti ku America zimachitika mobwerera kumbuyo: phungu amasiya Nyumba ya Malamulo n'kukakhala jaji wa makhoti a boma lalikulu, ndipo anthu sadabwa nazo. Enafe sitinakhulupirire. Kodi zimenezi n'zoona? Ngati n'zoona, munthu amene wakhala zaka zambiri akuimira chipani angaweruze bwanji milandu mosakondera?

Bambo wa ku Rosettenville

Yankho

Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Akuluakulu aja ananena zoona, ngakhale kuti sanalondole ponena kuti anthu sadabwa nazo, chifukwa kusankhidwa kotereku kumadzetsa mkangano waukulu. Ku America kuli makhoti a mitundu iwiri: a zigawo 50 za dzikolo, ndi a boma lalikulu la ku Washington, amene amaweruza milandu yokhudza malamulo a dziko lonse. Majaji a makhoti a boma lalikulu amatchulidwa ndi Pulezidenti n'kuvomerezedwa ndi Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo za dziko lonse, ndipo akalowa ntchito amakhalapo moyo wawo wonse pokhapokha atapuma okha kapena atachotsedwa ndi aphungu chifukwa cha mlandu waukulu. Malipiro awo saloledwa kuchepetsedwa iwo ali pa udindo. Moyo wa a Abner Mikva, phungu wa ku America amene anadzakhala jaji, ndiwo ungatithandize kwambiri kuona mmene zimenezi zimayendera, popeza iwo anatumikira m'nthambi zonse zitatu za boma.

A Mikva anabadwa mu 1926 mumzinda wa Milwaukee, kwa makolo achiyuda amene anachokera ku Ukraine, ndipo anakulira muumphawi wa zaka za m'ma 1930, pamene chuma cha America chinagwa ndipo anthu ambiri anachotsedwa ntchito. Atatumikira m'gulu la asilikali a m'ndege pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, anaphunzira zamalamulo pa yunivesite ya Chicago n'kumaliza mu 1951, kenako anagwira ntchito yothandiza Jaji Sherman Minton wa khoti lalikulu kwambiri la dzikolo. Nkhani imene iwo ankaikonda kuifotokoza inachitika mu 1948 akadali pa sukulu. Anapita ku ofesi ya chipani cha Democratic m'dera lina la Chicago kukadzipereka kuti athandize pa kampeni, ndipo mkulu wa ofesiyo anawafunsa kuti watumidwa ndi ndani. Atayankha kuti sanatumidwe ndi wina aliyense, anauzidwa kuti chipanicho sichifuna munthu amene sanatumidwe ndi aliyense. Umu ndi mmene ndale za mumzindawo zinalili: ntchito ndi maudindo zinkaperekedwa kwa anthu okhala ndi owatsogolera, ndipo a Mikva anakhala moyo wawo wonse wa ndale akulimbana ndi dongosolo limeneli ali m'kati mwa chipani chomwecho.

Mu 1956 anasankhidwa kukhala phungu m'Nyumba ya Malamulo ya chigawo cha Illinois, ndipo anakhalamo zaka 10. Kumeneko anagwirizana ndi aphungu ena ochepa oima paokha, monga a Paul Simon amene pambuyo pake anadzakhala senata, ndipo anathandiza kukonzanso malamulo a milandu ya upandu komanso malamulo okhudza chisamaliro cha anthu odwala matenda a maganizo. Mu 1968 anapambana mpando wa ku Congress, Nyumba ya Malamulo ya dziko lonse, moimira dera la kummwera kwa Chicago. Koma malire a madera atakonzedwanso kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, dera lawo linaphwasulidwa, ndipo ambiri ankaona kuti anthu a Meya wa Chicago, a Richard J. Daley, sanadandaule kutaya phungu wosamvera malangizo awo. A Mikva anasamukira ku Evanston, kumpoto kwa mzindawo, kumene chipani cha Republican chinali champhamvu. Analuza mu 1972, anapambana mu 1974, ndipo mu 1976 anapambananso ndi mavoti 201 okha. Ndatchula zonsezi kuti muone kuti sitikunena za munthu amene anangodutsa m'ndale mwamwambo. Anali wandale weniweni, wa maganizo odziwika, ndipo chimodzi mwa zinthu zimene ankazilimbikira kwambiri chinali kukhwimitsa malamulo a mfuti za m'manja.

Choncho pamene Pulezidenti Jimmy Carter anawatchula mu 1979 kuti akakhale jaji wa khoti la apilo la ku District of Columbia, kumene kuli likulu la Washington, funso lanu lomweli linafunsidwa mokweza. Khoti limeneli ambiri amaliona kuti ndi lachiwiri kwa khoti lalikulu kwambiri, chifukwa milandu yambiri yotsutsa zochita za nthambi za boma imathera kumeneko. Bungwe la eni mfuti la National Rifle Association linachita kampeni yamphamvu kuti a Mikva asavomerezedwe, koma Senate inawavomereza ndi mavoti 58 kwa 31 mu September chaka chomwecho. Otsutsa sanalekere pomwepo. Senata James McClure wa ku Idaho anakasuma kukhoti potengera ndime ya malamulo oyendetsera dzikolo imene imaletsa phungu kupatsidwa udindo wa boma umene wakhazikitsidwa, kapena umene malipiro ake akwezedwa, m'nyengo imene iye anasankhidwira. Khoti linataya mlanduwo mu 1981 ponena kuti senata amene wagonja pa voti ya mu Senate alibe mphamvu yokapitiriza nkhondo yomweyo kukhoti. Ndime yomweyo imaletsanso munthu kukhala phungu ndi jaji nthawi imodzi, motero a Mikva anatula pansi uphungu, ndipo mpando umene anauvutikira kwambiri uja unatengedwa ndi a John Porter a chipani cha Republican pa chisankho chapadera.

Kodi anaweruza mosakondera? Sindingakuuzeni kuti maganizo awo anawasiya pakhomo la khoti, pakuti palibe jaji amene amatero, kaya anachokera ku ndale kaya ku yunivesite. Pa zaka 15 zimene anakhala m'khotilo ankadziwika kuti ndi jaji wokonda kuteteza ufulu wa munthu payekha ndi wa anthu ofooka. Chimene chinkasunga chilungamo ndi kapangidwe ka khotilo. Apilo imamvedwa ndi majaji atatu, chigamulo chimalembedwa pamodzi ndi zifukwa zake kuti aliyense awerenge, ndipo majaji onse a khotilo atha kukhala pamodzi n'kuchisintha. A Mikva ankagwira ntchito limodzi ndi majaji anzawo monga a Ruth Bader Ginsburg, komanso ndi a Robert Bork ndi a Antonin Scalia amene maganizo awo anali otalikirana kwambiri ndi a a Mikva. Mu 1993 analemba chigamulo chokomera Joseph Steffan, wophunzira usilikali wa pamadzi amene anachotsedwa pa sukulu ya ku Annapolis atanena kuti amakonda amuna anzake, ndipo chaka chotsatira khoti lonse linakhala pansi n'kuchigwetsa chigamulocho. Kaya munthu akugwirizana ndi mbali iti pa mlandu umenewo, phunziro lake ndi lakuti jaji mmodzi, ngakhale anali mkulu wa majaji a khotilo monga analili a Mikva kuyambira mu 1991, sangaweruze motsata mtima wake popanda omubweza.

Pali chinanso chimene anthu amachiiwala pa mtsutso wotere, ndipo kwa ine ndicho chachikulu. Ntchito yambiri ya jaji wa apilo ndi kumasulira malamulo amene aphungu analemba, ndipo malamulowo nthawi zambiri salembedwa mwaukhondo. Mawu ena amaikidwa pakati pa usiku kuti mbali ziwiri zigwirizane, ena amasiyidwa osamveka bwino mwadala chifukwa akanamveketsedwa bilu ikanagwa. Munthu amene anakhalapo m'komiti ya aphungu amadziwa zimenezi monga mmisiri amene anamanga nawo nyumba amadziwira pamene padutsa mapaipi. A Mikva anakhala m'komiti ya zamalamulo komanso m'komiti yoona za misonkho, ndipo monga jaji ankalimbikira kuti malipoti a makomiti ndi zokambirana za aphungu zimathandiza kudziwa cholinga cha lamulo. A Scalia ankatsutsa zimenezo, ponena kuti jaji ayenera kuyang'ana mawu a lamulo okha, chifukwa mawuwo ndiwo anavoteredwa. Mkangano umenewu ukupitirirabe pakati pa akatswiri a malamulo, ndipo ine ndimaona kuti khoti limapindula likakhala ndi munthu mmodzi kapena awiri amene anaona ndi maso mmene lamulo limabadwira.

Pamene ndimawakayikira a Mikva ndi pa zimene anachita mu 1994. Anatula pansi ujaji n'kukakhala loya wamkulu wa Pulezidenti Bill Clinton ku White House, pa nthawi imene boma limenelo linali pakati pa kafukufuku wa nkhani ya Whitewater, yokhudza bizinesi ya malo imene banja la a Clinton linalowamo kale, ndipo anakhalako pafupifupi chaka chimodzi. Sanaphwanye lamulo lililonse, koma ulendo wochoka kukhoti kubwerera ku ndale ndi umene umavulaza chikhulupiriro cha anthu kuposa ulendo wochoka ku ndale kupita kukhoti. Phungu akamapita kukhoti, mbiri yake yonse imakhala poyera ndipo imafunsidwa asanavomerezedwe. Jaji akamapita kukatumikira Pulezidenti, anthu amene anagonja pa milandu yawo yolimbana ndi boma ali ndi chifukwa chofunsa ngati udindowo sunali kale m'maganizo mwake. Nkhani ya a Hlophe ndi yosiyananso ndi imeneyi, chifukwa iwo sanachoke okha: Nyumba ya Malamulo ya South Africa inavota kuwachotsa mu February 2024 atapezeka olakwa pa khalidwe, asanalowe m'chipani cha uMkhonto weSizwe (MK) n'kukhala phungu.

A Mikva anathera zaka zawo zomaliza akuphunzitsa zamalamulo ku Chicago, ndipo iwo ndi akazi awo a Zoe anayambitsa bungwe la Mikva Challenge lophunzitsa ana a sukulu za sekondale kutenga mbali pa zisankho ndi pa zochitika za m'madera mwawo. A Elena Kagan, amene tsopano ndi jaji wa khoti lalikulu kwambiri, anayamba agwira ntchito pansi pawo, ndipo a Barack Obama, amene ankalandira malangizo kwa iwo akadali wandale wachinyamata, anawapatsa mendulo ya Presidential Medal of Freedom mu 2014. Anamwalira pa 4 July 2016 ali ndi zaka 90.

Funso

Akonzi, mwana wanga wamkazi akuphunzira zamalamulo pa yunivesite ina kuno ku Johannesburg ndipo walowa m'gulu la ndale la ophunzira. Amalakalaka kudzakhala jaji. Kodi ndale zimenezi sizidzamutsekera njira?

Mayi wa ku Yeoville

Yankho

Mayi, khazikitsani mtima pansi pa mbali imeneyi. Khoti loona za malamulo oyendetsera dziko, limene lili pa Constitution Hill ku Braamfontein, lakhala ndi majaji amene anachita ndale zazikulu kuposa za pa sukulu. A Albie Sachs anali m'komiti yaikulu ya chipani cha ANC asanasankhidwe mu 1994, ndipo a Dikgang Moseneke, amene anamangidwa ku Robben Island ali mnyamata, anakhalapo wachiwiri kwa mtsogoleri wa chipani cha Pan Africanist Congress (PAC). Mu 1999, pa mlandu wa pakati pa Pulezidenti Nelson Mandela ndi bungwe la masewero a rugby, a Louis Luyt, amene anakhalapo mtsogoleri wa bungwelo, anapempha kuti majaji ena adzipatule pa mlanduwo, ndipo chimodzi mwa zifukwa zawo chinali chakuti ena mwa majajiwo anali pafupi ndi ANC m'mbuyomo. Khoti linakana pempholo, ponena kuti kukhalapo m'ndale munthu asanakhale jaji si umboni wa kukondera, malinga ngati anadula ubalewo polowa ntchito.

Chimene malamulo a dziko lino amafuna ndi munthu wa maphunziro oyenera ndi khalidwe labwino, ndipo ofuna ujaji amafunsidwa mafunso poyera ndi bungwe la Judicial Service Commission, mmene mulinso aphungu a zipani zosiyanasiyana. Zimene mwana wanu akulemba pa Facebook lero zikhoza kudzawerengedwa pa tsiku limenelo, choncho mulangizeni kuti azitsutsa mfundo popanda kutukwana anthu kapena kuopseza, ndiponso kuti apewe mlandu uliwonse wa ziwawa pa zionetsero, popeza mbiri yotere ingamuvutitse ngakhale pofuna kuvomerezedwa kukhala loya. Dziwaninso kuti jaji wa khoti la ku Braamfontein lija ayenera kukhala nzika ya South Africa. Ngati mwanayo adzafune kukatumikira ngati jaji kwathu ku Malawi, ayenera kukhala ndi chilolezo cha uloya kwa zaka zosachepera 10, ndipo majaji kumeneko amasankhidwa ndi Pulezidenti motsatira malangizo a Judicial Service Commission ya dzikolo, pamene mkulu wa majaji yekha ndiye amafunika kuvomerezedwa ndi magawo awiri mwa atatu a aphungu amene alipo ndi kuvota.