Mwana wa Fomu 1 amene wayamba kuopa masamu a zilembo

Bambo wina wa ku Lizulu, m'boma la Ntcheu, walemba kuti mwana wake wamkazi ankakhoza bwino masamu ku pulayimale, koma chiyambire algebra (masamu a zilembo) mu Fomu 1 akungolephera. Akufunsa momwe angamuthandizire, popeza iye mwini sanafike ku sekondale.

Bambo, mungathe kumuthandiza, chifukwa masamu amenewa mumawachita kale pamsika. Tiyerekeze kuti mwagula ndowa zitatu za mbatata ya kachewere, mwalipira wakabaza K2,000, ndipo zonse pamodzi zakwana K20,000. Kuti mudziwe mtengo wa ndowa imodzi, mumayamba mwachotsa ya kabaza, kutsala K18,000, kenaka mumagawa patatu n'kupeza K6,000. M'kope la mwana wanu nkhani yomweyi imalembedwa kuti 3x + 2,000 = 20,000, ndipo x akuimira mtengo wa ndowa umene sitikuudziwa, pamene 3x akutanthauza 3 kuchulukitsa ndi x.

Chizindikiro cha = chili ngati sikelo yoyezera chimanga: chimene mwachita mbali imodzi muyenera kuchitanso mbali inayo. Ana ambiri amangoloweza kuti nambala ikawolokera mbali ina ya = imasintha chizindikiro (+ kusanduka −, kapena − kusanduka +), osamvetsa chifukwa chake, ndipo ine ndimaona kuti mavuto ambiri amayambira pamenepa. Mwana wotere akapatsidwa 2x = 10 amalemba kuti x = 10 − 2 n'kupeza 8, kuiwala kuti 2 uja akuchulukitsa x, choncho chofunika ndi kugawa mbali zonse ziwiri ndi 2 kuti apeze 5.

Zilembo zikakhala mbali zonse, monga 5x − 4 = 2x + 11, achotse 2x uku ndi uku kuti atsale ndi 3x − 4 = 11, aphatikize 4 mbali zonse kuti apeze 3x = 15, ndipo pomaliza agawe ndi 3, yankho n'kukhala 5. Sitepe iliyonse ailembe pamzere wakewake, ngakhale akuona ngati akutha mapepala, chifukwa akalakwitsa penapake aphunzitsi amaona msanga pamene wasokonekera.

Ntchito yanu yaikulu ili pa kutsimikiza yankho. Akamaliza samu, muuzeni aike nambala imene wapezayo m'malo mwa x, ndipo awerengetsere mokweza inu mukumva. Pa chitsanzo chathuchi, mbali yakumanzere ikupereka 25 − 4, yakumanja 10 + 11, ndipo zonse ndi 21. Zikasiyana, abwerere pamzere woyamba.

Chonde musadikire Fomu 2. Mitu yambiri ya masamu imene MANEB imafunsa pa mayeso a JCE ndi MSCE imatsamira pa luso limeneli, ndipo maphunziro a uinjiniya ku mayunivesite a MUBAS ndi MUST amafuna wophunzira amene anakhoza bwino masamu. Pitani mukaonane ndi aphunzitsi ake teremu ino, muwapemphe kuti azimupatsa masamu asanu ochitira kunyumba tsiku lililonse, kuyambira ndi osavuta ngati x + 7 = 12.