Super Bowl yoyamba musakaonere ku bala, ndipo ndalama yanu isunge m'thumba

Achimwene, mwafunsa zingapo: koonera Super Bowl, masewero omaliza olimbirana chikho cha mpira wa ku Amereka, muno mu Atlanta poti ndi chaka chanu choyamba, timu yoti muchemerere, mtengo wa matikiti, komanso ngati mungavomere mnzanu wa kuntchito amene akulimbikira zoti mubetcherane. Za matikiti tisatayirepo nthawi. Mpando umodzi ndi madola masauzande angapo, ndege ndi pogona osawerengera, ndalama yoti kumudzi mutha kukhomera malata nyumba yonse. Ine ndiyankha ziwiri zimene ndinaziona ndi maso anga, koonera ndi kubetcha.

Ena pamwambapa alemba kuti ingolowani mu bala iliyonse, mpirawu ndi rugby yovala zipewa basi. Amenewo akulankhula za mpira umene sanauonerepo mpaka kumapeto. Musawamvere.

Ine ndine wa Falcons, timu ya muno mu Atlanta, ndipo tsiku limene sindidzaliiwala ndi la 5 Febuluwale 2017. Timu yathu inali pamoto chaka chimenecho, woponya mpira wathu Matt Ryan atangosankhidwa kukhala wosewera bwino koposa mu ligi yonse. Masewero anali ku Houston, tikukumana ndi New England Patriots ya katswiri woponya mpira Tom Brady. Ine ndi anzanga awiri tinati tikaonere ku bala ina yaikulu m'tauni kuti tikamve chisangalalo cha anthu. Pakhomo pokha anatilipiritsa madola pafupifupi 30 munthu mmodzi, ndipo titalowa tinapeza mipando yonse ili ndi eni ake kuyambira masana. Tinaimirira maola oposa anayi. Mapiko a nkhuku anabwera patatha ola atazizira kale, zakumwa zitakwera mtengo, kenako n'kuwonjezerapo ndalama yothokozera wotumikira ija, imene kuno ndi pafupifupi 20 peresenti. Ndinatuluka nditawononga madola oposa 100 pa zinthu zoti kunyumba sizikanafika ngakhale theka lake. Choipa kwambiri kwa munthu wachilendo ngati inu ndi phokoso. Simumva wolengeza, simumva woyimbira akamafotokoza chifukwa chimene waponyera pansi kansalu kachikasu kosonyeza kuti wina walakwa, mumangoona anthu akukuwa osadziwa chachitika.

Koma zimenezo ndi zazing'ono. Sabata imeneyo ndinali nditabetcherana madola 200 ndi mnzanga wa kuntchito wochokera ku Boston, kwawo kwa Patriots. Inali mbali ya ndalama ya lendi.

Poyamba zonse zinayenda ngati maloto. Wosewera wathu Robert Alford anawakha mpira umene Brady anaponya n'kuthamanga nawo mayadi 82 mpaka kukachinya, bala yonse inagwedezeka. Popita kokapuma tinali patsogolo 21 kwa 3. Lady Gaga akuimba, anthu osadziwana tinkakumbatirana. Chigawo chachitatu chili mkati, Tevin Coleman anachinyanso, zinakhala 28 kwa 3. Ndinatulutsa foni n'kulembera mnzanga uja kuti akonzeretu ndalama. Mumtima ndinali nditaigawa kale, ina ya lendi, ina yotumiza kwa amayi. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ndipo usiku umenewo ndinaumva mwambiwu m'mafupa.

Patriots inayamba kudya pang'onopang'ono ngati chiswe. Wosewera wawo Dont'a Hightower anamugwetsa Ryan, mpira n'kupulumuka m'manja, iwo n'kuutola, posakhalitsa zinali 28 kwa 20. Ndiye panabwera mphindi imene mpaka lero imandiwawa. Julio Jones wathu anawakha mpira m'mphepete mwenimweni mwa bwalo, thupi lili m'malere, zala za kumapazi zokha zikukhudza udzu. Tinali pa mayadi 22 kuchokera kogoletsa, kutatsala mphindi zosakwana zisanu. Chofunika chinali kungothamanga ndi mpira katatu, kudya nthawi, kumenya field goal (kumenya mpira kuti udutse pakati pa mizati), kusiyana kukhale mapointi 11, nkhani yatha. M'malo mwake aphunzitsi athu anasankha kuponya. Ryan anagwetsedwa kumbuyo, kenako tinalangidwa chifukwa wosewera wathu anagwira mnzake, tinabwerera m'mbuyo mpaka pamalo poti sitikanathanso kumenya. Brady anatenga mpira pa mayadi 9 a kwawo n'kuyenda nawo bwalo lonse. Pakati pake Julian Edelman wawo anautola mpira uli pafupi kugunda pansi, ali pakati pa miyendo ya anyamata athu atatu. Anafananitsa 28 kwa 28 kutatsala masekondi 57.

Inali Super Bowl yoyamba kulowa m'nthawi yowonjezera. Iwo anapambana poponya kandalama kosankhira woyamba, anayamba ndi mpira, James White n'kuchinya. Zinathera 34 kwa 28, ife osaukhudzako mpira ngakhale kamodzi. Lamulo loti woyamba akangochinya masewero atha analisintha mu 2022, tsopano m'masewero a ndime zomaliza matimu onse awiri amapatsidwa mwayi, koma kwa ife linabwera mochedwa.

Pafupi nane panali bambo wina wachikulire atavala jekete yakale ya Falcons yothetheka m'zigongono. Nthawi yopuma anandiuza kuti wakhala akuchemerera timuyi kuyambira pamene inayamba mu 1966, ndipo anaonerera ikugonja kwa Denver mu 1999. White atachinya, bamboyo sanakuwe, sanatukwane. Anavula chipewa, n'kuchiphimba kumaso, mapewa akunjenjemera. Mtsikana wotumikira anayamba kumasula mabaluni ofiira ali chete. Panja pamsewu panali zii ngati pamaliro. Lolemba ndinapereka madola 200 aja, ndipo mwezi umenewo ndinachita kukongola kuti lendi ikwane. Ubale wanga ndi mnzanga uja sunabwererenso mwakale, chifukwa kwa chaka chonse moni wake anali "28-3". Patangopita zaka ziwiri, mu 2019, Super Bowl inachitikira muno mwathu pa Mercedes-Benz Stadium, ndipo amene ananyamula chikho ndi Patriots yomweyo, itagonjetsa Rams 13 kwa 3.

Ndiye mnzanuyo mukaneni mwaulemu. Iye mpirawu anakulira nawo, inu simunaudziwe, ndipo ngakhale oudziwa amagwa. Kyle Shanahan, mphunzitsi amene ankatsogolera kasewero kathu kothira nkhondo tsiku lija, ndi katswiri wolemekezeka. Atapita ku San Francisco 49ers anatsogola 20 kwa 10 mu 2020, Kansas City Chiefs n'kutembenuza zinthu, kupambana 31 kwa 20. Mu 2024 ku Las Vegas anagonjanso kwa Chiefs yomweyo 25 kwa 22 m'nthawi yowonjezera. Ngati munthu wotero amalephera kusunga chimene wagwira kale, ndalama yanu ya thukuta ikukatani kumeneko? Akakuumirizani kwambiri, kuntchito zambiri amachita kamasewera ka mabokosi, mumalemba dzina m'kabokosi ndi madola 5 kapena 10, ndipo zimangotengera mwayi. Pamenepo mpomwe mungalekezere.

Koonera, pezani nyumba ya munthu. Anthu a ku Amereka amakonda kuitanirana tsiku limeneli, ndipo mukangonena kuntchito kuti simunaonerepo, wina akuitanani. Musapite chimanjamanja. Mapiko a nkhuku, tchipisi kapena zakumwa za madola 20 mpaka 30 zakwana. Ine chaka china ndinanyamula mandasi ndi kachumbari wa tsabola wa kambuzi, mbale zinabwerera zoyera. Mapiko mugule Lachisanu kapena Loweruka n'kukazinga nokha, chifukwa mukaitanitsa Lamlungu madzulo mudzadya masewero atatha. Mukafika khalani pafupi ndi munthu wodziwa amene satopa ndi mafunso. Zoti mudziwiretu ndi zochepa. Timu imapatsidwa mwayi kanayi kuti isunthe mayadi 10, ikakwanitsa imayambiranso kuwerenga. Touchdown, kufikitsa mpira kumapeto kwa bwalo la adani, ndi mapointi 6, kenako amamenya kuti awonjezere 1 kapena kuyesa kulowanso kuti apeze 2. Field goal ndi 3. Wotchi imati mphindi 60, zigawo zinayi za mphindi 15, koma imaima pafupipafupi, ndiye konzekerani maola atatu ndi theka kapena anayi. Zotsatsa malonda musayankhulirepo kwambiri, ena m'nyumbamo amabwerera zomwezo ndi oimba a nthawi yopuma.

Za timu, sindikuuzani kuti muchemerere Chiefs chifukwa choti imapambanapambana, monga wanenera wina uja. Mu 2025 ku New Orleans, Eagles inawakwapula 40 kwa 22, popuma zili 24 kwa 0, ndipo amene anagula jezi ya Patrick Mahomes, katswiri wa Chiefs, sabata yomweyo anaivula masewero asanathe. Jezi yeniyeni ndi madola oposa 100, musaigulire tsiku limodzi. Chaka chino ingoonerani, muone chimene mtima wanu ukonde. Mukakhalitsa mu Atlanta, Falcons idzakupezani yokha, ndipo ndikukuuziranitu kuti sinatengepo chikhochi. Ine ndidakali nayo ndipo sindidzaisiya.

China chimene palibe wakuuzani: ngati mukamwako, galimoto isiyeni kunyumba. Usiku umenewo apolisi amadzaza m'misewu, ndipo mlandu woyendetsa utamwa umatha kukusokonezerani mapepala okhalira m'dziko muno. Ndikudziwa m'bale wathu wina amene anavutika nawo zaka. Magalimoto oitanitsa pafoni amakwera mtengo kawiri kapena katatu masewero akangotha, choncho gwirizanani ndi wina wosamwa kapena pemphani kugona pampando mpaka kuche. Lolemba kawirikawiri ndi tsiku la ntchito, si tchuthi, ndiye ngati shifiti yanu ndi ya m'mawa pemphani kusinthana ndi wina pasadakhale.

Masewero amayamba cha m'ma 6:30 madzulo nthawi ya kuno, kwathu kumudzi imakhala 1:30 usiku wolowera Lolemba, choncho musaimbire anthu kumudzi kuti muwaonetse chisangalalo, akhala ali m'tulo. Mukasowa kolowera ndilembereni kumbali. Kunyumba kwanga timaonera anthu ngati khumi, nsima imakhalapo, ndipo mpando wa pafupi ndi TV ndikusungirani kuti ndizikufotokozerani.