Kukongoletsa nyumba pojambula zithunzi zoigulitsira: zimene lamulo limalola ndi zimene limaletsa

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Kalongwezi, mu Chipata, ku Zambia. Akugulitsa nyumba yawo ya zipinda zogona zitatu, ndipo m'nyumbamo muli banja la lendi. Ejenti wawauza kuti abweretsa masofa, makatani ndi maluwa obwereka, apaka penti pakhoma lomwe limachita chinyezi m'dzinja, kenako ajambula zithunzi ndi vidiyo ya drone zoika pa Facebook. Akufunsa ngati zimenezi n'zololedwa, ngati walendi angakane, ndiponso kuti zithunzizo zidzakhala za ndani.

Amayi, kusesa, kudula kapinga, kutsegula makatani kuti dzuwa lilowe, kuika masofa abwino pabalaza, zonsezi palibe lamulo loletsa. Wogula akudziwa kuti aliyense amakonza malonda ake. Chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yanu ndi penti ija, ndipo ndiyambira pamenepo.

Pa malonda a nyumba, lamulo limayembekeza kuti wogula adziyang'anire yekha. Simukakamizidwa kumulozera kamng'alu kalikonse komwe angakaone ndi maso ake. Koma kukhala chete n'kosiyana ndi kubisa. Mukadziwa kuti khoma limatuluka madzi, n'kulipaka penti sabata imodzi musanajambule n'cholinga choti wogula asaone, mwanena bodza ndi zochita zanu ngakhale pakamwa simunatulutse mawu. Makhoti a ku England anagamula motero pa mlandu wa Gordon v Selico mu 1986, pamene matabwa owola a m'nyumba anaphimbidwa dala kuti ogula asawaone, ndipo oweruza athu amamvera zigamulo zoterezi pounika milandu yofanana nayo. Wogula wonamizidwa angapemphe khoti kuti lithetse malondawo, ndalama zake zibwezedwe, kapena angakhale ndi nyumbayo n'kukulipiritsani ndalama zokonzera. Misrepresentation Act, Chapter 69 ya malamulo a Zambia, imamupatsanso mpata wofuna chipukuta misozi ngakhale pamene wogulitsa sananame dala, ngati wogulitsayo alephera kuonetsa kuti anali ndi chifukwa chomveka chokhulupirira zimene ananena. Bodza likakhala la dala ndithu ndipo ndalama zalandiridwa, nkhani ingafike kupolisi pansi pa ndime 309 ya Penal Code, yokhudza kupeza ndalama mwachinyengo, yomwe chilango chake chingafike zaka zitatu m'ndende.

Komanso chinyezi sichibisika nthawi yaitali. Chikakhala chokwera kuchokera pansi, chifukwa pomanga sanaike pepala lotchinga madzi pamwamba pa maziko kapena linang'ambika, penti yatsopanoyo imatupa n'kuyamba kusuwa mvula ya Januwale ikangokhazikika. Wogula akaitana mmisiri, iye adzaona msanga kuti khoma limodzi lokha ndi lomwe lili ndi penti yatsopano. Musaiwale kuti mboni yoyamba idzakhala walendi wanu, amene wakhala akusuntha bedi lake chaka ndi chaka.

Muli ndi njira ziwiri zabwino. Yoyamba ndi kukonza chenicheni: mmisiri apeze kumene madzi akulowera, kaya ndi padenga, paipi ya m'khoma kapena pansi, agumule pulasitala yowonongeka, akonze, khoma liume, kenako apake penti. Sungani malisiti ndi zithunzi za ntchitoyo, mudzampatse wogula. Yachiwiri ndi kusiya momwe liliri, kutsitsako mtengo, ndi kulemba mu mgwirizano wa malonda kuti wogula wauzidwa za chinyezicho ndipo wachiona. Chiganizo chimodzi chimenecho chimakutetezani ku mlandu wobisa chinyezicho. Zomwezi zikukhudza kabati yoikidwa kutsogolo kwa mng'alu, kalipeti yoyalidwa pa matailosi osweka, ndi siling'i yodyedwa ndi chiswe.

Pa zithunzi zenizenizo, kuwalitsa chipinda chamdima pakompyuta n'kololedwa. Kufufuta waya wa magetsi wodutsa pamwamba pa pulotiyo, ngalande ya madzi a mvula kapena nyumba ya mnansi yomwe yatsamira mpanda wanu ndi kunamiza, chifukwa zimenezi zimasintha mtengo. Ngati masofa aikidwa ndi kompyuta m'chipinda chopanda kanthu, zilembedwe pansi pa chithunzicho. Kukula kwa puloti kutengedwe pa mapu a opima malo omwe ali m'taito yanu (chikalata cha umwini wa malo), osati kuyerekeza ndi maso. Vidiyo ya m'mwamba imavutitsa kwambiri pamenepa: malo opanda kanthu a kuseri kwa nyumba amaoneka ngati anu, wogula n'kuyamba kuwerengera zomangapo nyumba ina. Uzani wojambula alembe mzere wa malire motsata mabikoni, zizindikiro za malire zoikidwa ndi opima malo. Mufunseninso chilolezo chake cha Zambia Civil Aviation Authority, pakuti kuulutsa drone pa ntchito yolipidwa kumafuna chilolezo, ndipo pafupi ndi bwalo la ndege la Chipata pali ziletso zina.

Tsopano walendi. Inde angakane. Nyumbayo ndi yanu, koma pa nthawi ya lendi iye ndi amene ali ndi ufulu wokhalamo popanda kusokonezedwa. Werengani mgwirizano wanu wa lendi. Ambiri amalola mwininyumba kulowa kudzayendera kapena kukonza atapereka chidziwitso, ena amawonjezapo kuonetsa ogula, koma ndi ochepa amene amalola kutulutsa katundu wa walendi ndi kujambula kuchipinda kwake. Kulowa ndi kiyi wanu iye kulibe ndi mlandu wolowerera, ndipo chikasowa chinthu tsiku limenelo mudzavutika kudziyeretsa. Mulembereni kalata masiku angapo zisanachitike, yonena tsiku, ola, anthu amene adzabwere, zipinda zimene zidzajambulidwe ndi kumene zithunzi zidzaikidwe, ndipo asaine kuti wavomera. Kumuchotsera pang'ono pa lendi ya mwezi umenewo n'kotchipa kuposa kukangana. Akakana, musadule madzi kapena magetsi, musachotse chitseko: Rent Act, Chapter 206, salola kutulutsa munthu m'nyumba yogona popanda chigamulo cha khoti. Jambulani kunja kokha, kapena dikirani lendi ithe.

Akavomera, zithunzi za banja lake zapakhoma, masetifiketi, mayunifolomu a ana osonyeza sukulu, mapepala a kuchipatala ndi nambala ya galimoto zichotsedwe kapena ziphimbidwe. Data Protection Act ya 2021 imateteza zinthu zozindikiritsa munthu, ndipo za mwana zimafuna chilolezo cha kholo. TV ndi makompyuta ake asaoneke, chifukwa vidiyo yosonyeza zitseko, mawindo ndi katundu imathandizanso akuba. Ndipo wogula auzidwe poyera kuti muli walendi, mgwirizano unene ngati adzalandira nyumba yopanda munthu kapena adzapitiriza naye.

Mkangano wina umabuka pa tsiku lopereka makiyi. Wogula anaona mu vidiyo masola padenga, inveta ndi mabatire, thanki yamadzi, pampu ya pachitsime ndi giza, akufika apeza zina zapita. Lamulo limati chomangiriridwa kunyumba kuti chikhale mbali yake chimapita ndi nyumbayo, pamene chongoikidwa chimatsala kwa mwini wake. Giza ndi makabati omangirira a kukhitchini savuta kugamula. Inveta, mabatire ndi thanki yokhala pa sitandi ndi zimene anthu amakokerana. Lembani mndandanda wa zotsala ndi wa zochoka, ulumikizidwe ku mgwirizano wa malonda, ndipo pansi pa zithunzi palembedwe kuti mipando ndi yongoonetsera. Katundu wobwerekayo naye awerengedwe polowa ndi potuluka, ndipo pepala linene amene adzalipire akathyoka kapena akabedwa.

Za umwini wa zithunzi, Copyright and Performance Rights Act, Chapter 406, imati amene walamula kuti ntchito ipangidwe ndiye mwini wake woyamba, pokhapokha atagwirizana zina. Ndiye ngati wojambula waitanidwa ndi ejenti, zithunzi ndi za ejenti, ndipo mukasiyana naye simungazipereke kwa ejenti wina popanda chilolezo chake. Ngati mukuzifuna, itanani wojambulayo nokha, kapena zilembedwe kuti umwini ukubwera kwa inu. Onjezani kuti zichotsedwe pa intaneti pasanathe masiku 7 nyumba itagulidwa, komanso kuti chithunzi chilichonse chikhale ndi dzina ndi foni ya ejenti pakati pake. Akathyali amakopera zithunzi za nyumba za eni n'kumatolera madipoziti pa foni kwa anthu ofuna lendi. Taito ndi NRC yanu (chitupa cha unzika) zisajambulidwe n'komwe.

Ejentiyo musanamusainire, funsani ku Zambia Institute of Estate Agents ngati ndi wolembetsedwa, monga Estate Agents Act ya 2000 imafunira. Zonena zake kwa ogula lamulo lingazione ngati zanu, choncho mgwirizano unene kuti palibe chithunzi kapena mawu otsatsa otuluka inu musanavomereze. Akasocheretsa anthu, iye monga wabizinesi angadandaulidwenso ku Competition and Consumer Protection Commission, yomwe ili ndi mphamvu yolipiritsa chindapusa.

Wogula akapezeka, mgwirizano wa malonda ulembedwe ndi loya, chilolezo cha boma chosinthira umwini chipemphedwe kwa Commissioner of Lands, ndipo msonkho wa Property Transfer Tax ulipidwe ku ZRA, bungwe lotolera misonkho. Popita kwa loyayo tengani taito, mgwirizano wa lendi, kalata yosainidwa ndi walendi, mgwirizano wanu ndi ejenti, malisiti a mmisiri ndi zithunzi zonse zimene zinatuluka, pamodzi ndi masiku amene zinajambulidwa. Milandu ya mgwirizano ingasumidwe mpaka zaka 6, choncho mapepala amenewa muwasunge kwa nthawi yosachepera imeneyo.